Mwendo wa Alamu a Jeremiya

Halale, 14 Ogasiti 1928

Wokondedwa mlongo wanga Esinala,

Ndiyamba ndi kufunsa za moyo wako pamodzi ndi ana kumeneko ku Makhanga. Kaya mayi ali bwanji ndi chifuwa chawo chija? Ine kuno ndili bwino, Mulungu akusunga. Takhuta, zikomo kwambiri, chifukwa cha milamba youma unapatsira a Paulo, ngakhale theka lake linafika litafumbwa.

Ndikudziwa kuti kalatayi akukuwerengera aphunzitsi a Symon. Aphunzitsi, zimene muwerenge pano zithere pakhonde pomwepo.

Unamva kuti ndinagula galimoto. N'zoona. Ndinagula kwa mzungu wa pafamu amene ankabwerera kwawo. Inali itakhala pansi pa mtengo chaka chathunthu, nkhuku zikuikira mazira pampando. Miyezi isanu ndi inayi ndinaikonza ndekha ndikaweruka kugalaja. Machubu ake ndi zigamba zokhazokha, imamwa petulo ngati ng'ombe ya m'chilimwe, koma imayenda. M'komboni muno munthu wakuda wa galimoto ndine ndekha, ndipo ndikamadutsa akuluakulu amavula zipewa.

Amuna ako a Jeremiya anafika m'mwezi wa Epulo, mapazi atatupa ndi ulendo wodzera ku Tete. Ntchito sanaipeze. Munthu wodziwa ukonde ndi nkhafi basi, akanamulemba ndani m'tauni? Ndinawasunga m'chipinda changa, ndinkawadyetsa, iwo n'kumandipukusira handulo yolizira injini ndi kupopa matayala.

Loweruka lina mu Juni chitsulo chonyamula thupi la galimoto kumbuyo chinathyoka. Mawa lake ndinali nditalonjeza kunyamula akwati kupita nawo ku Mazowe. Jeke yotukulira galimoto ndilibe, choncho tinaitukula ndi mtengo n'kuikhazika panjerwa.

Alamu anati njerwazo n'zosapsa bwino, tidikire tipeze zipika. Ndinawayankha kuti munthu wodya zaulere sasankha pogona, alowe pansi amasule. Anandiyang'ana pang'ono, n'kuvula malaya, n'kulowa.

Njerwa zinaphwanyika. Galimoto inawagwera pamwendo wamanja, pansi pa bondo.

Anthu anathamanga kudzanyamula, ndipo apa ndinene zoona, chifukwa ukadzazimva kwa ena zidzakhala zowonjezera. Ndinawaletsa. Anagwira pa malata ophimba tayala, ndipo akanakoka pamenepo akanapinda zonse. Ndinati adikire ndibweretse mtengo uja. Sindinachedwe kwambiri, koma mayi wina wophika mowa anandilavulira malovu pamaso pa anthu, nati ndine mfiti yovala nsapato.

Kuchipatala sindinawatengere tsiku limenelo. Kumeneko amafunsa mafunso, apolisi n'kubwera, ndipo mapepala a galimoto anali asanathe. Akanandilanda. Ndinawamanga mwendowo ndi nsanza ndi timatabwa, ndinawagulira mowa kuti ululu uchepe, chitsulo chija ndinamanga ndekha. Lamulungu akwati ndinawanyamula, ndipo anafika nthawi yabwino.

Pofika Lachitatu m'chipinda simunkalowekanso ndi fungo. Ndinabwereka ngolo ya abulu yopitira nawo kuchipatala, chifukwa mipando ya galimoto ndinali nditangoikuta nsalu yatsopano. M'njira ndinawauza kuti akanene kuti anagwa pangolo ya nkhuni. Ananena momwemo. Adokotala anati tikanabwera tsiku loyamba mwendo ukanapulumuka. Anaudula pamwamba pa bondo.

Chitulukireni m'chipatala sandilankhula. Amakhala pakhomo, kuyang'ana galimoto. Tsiku limodzi lokha anatsegula pakamwa, nafunsa ngati chitsulo chija chinagwira bwino. Ndinati chinagwira. Anati basi, ndiye kuti mwendo sunapite pachabe. Sindikudziwa ngati ankanyoza. Masiku ena ndikamapukusa handulo ndimamva kulira kwawo kwa pansi pa galimoto kuja m'kati mwa injini, koma ikangolira bwino zimatha.

Esinala, sindingathe kuwasunga. Chipinda n'chaching'ono, ndipo anthu amene ndimawanyamula safuna kuona munthu wotere pakhomo. Ndiwakweza sitima ya ku Beira pamodzi ndi a Paulo, amene akubwerera kwawo kwa Malemia. Akawoloka Zambezi akwera ya kwathu. Ukawadikire pa Chiromo kumapeto kwa mwezi uno, ndipo upite ndi amuna awiri owanyamula. Ndodo ndawasemera ndekha, ndi bulangeti ndawapatsa.

Usalire mopitirira. Ena amabwerako ku migodi ali m'bokosi, ena sabwerako n'komwe. Ako akubwera ndi manja onse awiri, ndipo mwadiya, bwato lathu lija, sufuna miyendo iwiri. Mukawakhazika kumbuyo adzapalasa ngati kale.

Chimene ndikupempha n'chakuti kwa mayi ndi kumpingo unene za ngolo ya nkhuni. Alamu akayamba kulankhula zina, uwakumbutse amene anawadyetsa miyezi inayi. Chaka chamawa ndikufuna kubwera kudzafunsira mwana wa a Geresomo, ndipo sindifuna kupeza dzina langa litaipa kale padoko.

Chachiwiri ndi ichi. Galimoto siyendetsedwa ndi munthu mmodzi. Pamafunika wopukusa, wokankha pamchenga, wolowa pansi. Anthu a kuno onse akukana, ati ndili ndi tsoka. Mwana wako woyamba Elias wafika pokhoma msonkho, ndipo a Paulo akuti ali ndi mapewa kuposa bambo ake. Ine ndine malume wake, sindifunika kupempha kawiri. A Paulo akamabwerera kuno mvula isanayambe, abwere naye. Umuuze asatenge zovala zambiri, ovololo ya bambo ake ilipo, mwendo umodzi wokha ndi umene unang'ambika, ndasoketsa.

Undiperekere moni kwa mayi, kwa azakhali a Filomena, ndi kwa ana onse. Ambuye akusungeni m'dzanja lawo madzi akadzayamba kukwera.

Ndine mlongo wako,
Petro