Poto Wolira wa Amayi

Townsville,
19 Januwale 1988

Okondedwa Glenys,

Ndalemba "okondedwa" chifukwa ndimo makalata amayambira. Usadzinamize kuti mtima wanga watsika. Ndikulembera pabenchi ya m'chipatala, pakhomo la chipinda chimene wagonamo mlamu wako Col, chifukwa ndikaimba foni umangolira, ine osapata mpata wolankhula, ngati kuti mwamuna wagona ndi paipi pakhosiyu ndi wako.

Popeza sunafunse kuti zinayamba bwanji, ndikuuza. Col anapita kukakonza waya wa mpanda wa ng'ombe amene madzi anagwetsa kumtsinje. Monga achitira nthawi zonse, anatola botolo limodzi la timibulu ta nyama pashelefu n'kukadyera kutchire komweko ndi mpeni, osatenthetsa. M'mawa mwake anandiyang'ana n'kuyamba kuseka.

"Rae, mitala ndakwatira liti? Ndikuona akazi awiri pakhomopo."

"Mmodzi yemweyu akukulemera, wachiwiri ungamuthe?" ndinamuyankha.

Tinaseka, Glenys. Pofika masana tiyi anali kumutsamwa, lilime litalemera ngati la woledzera. Mtsinje unali utadzaza, msewu wa ku Normanton utatsekeka. Ndinaitana ndege ya madokotala pa wailesi yathu yolankhulirana ija, ndipo inatera pamatope mwa chisomo chabe.

Kuno adokotala anandifunsa ngati nyamayo ndinaiphika m'poto wa presha, wotseka zolimba uja wophika ndi mphamvu ya nthunzi. Ndinayankha modzitama kuti chiyambire sindinaikepo nyama m'botolo popanda poto wa amayi. Iwo anati wamugwira ndi poizoni wa m'nyama ya m'botolo yosaphikidwa mokwanira, alibe fungo, chivundikiro chimatha kugwira bwinobwino, ndipo kachilombo kake sikafa ndi madzi owira wamba. Ine ndinangoti zimenezo ndikuzidziwa.

Kenaka ndinakuimbira kuti utaye mabotolo amene ndinakupatsa, ana ako angadye. Unafunsa ndi mawu aang'ono kuti, "Akulu, kodi ndi a tsiku lija?"

"Tsiku liti?"

"Lija munapita kukatulutsa ng'ombe m'matope. Potoyo atayamba kulira ndinachita mantha, ndiye ndinazimitsa moto. Ndinangowiritsa mabotolowo m'sefuliya, ngati mmene timachitira ndi mango. Koma zivundikiro zinagwira zonse, akulu. Chonde musauze munthu."

Mango, Glenys! Nyama ya ng'ombe n'kuisandutsa mango.

Tsikulo ndimalikumbuka bwino. Unabwera mu Novembala kudzandithandiza kukonzekera dzinja, monga tichitira kwathu mitsinje isanatitsekere. Tinagaya nyama, tinaumba timibulu mpaka misana kuwawa, tinakazinga, tinathira msuzi. Nditaitanidwa kudambo ndinakuuza kuti ukhale pafupi ndi poto, kachitsulo ka pamwamba kazivina osaleka mpaka nthawi ikwane. Pobwera ndinapeza mabotolo ali ndandanda patebulo, iwe ukumwa tiyi miyendo ili pampando. Unati, "Ndamaliza, sizinavute n'komwe." Ine chitsiru ndinakuyamikira, n'kusakaniza mabotolo akowo ndi anga pashelefu imodzi.

Kuti potoyo umamuopa, ndikudziwa. Tili ana, amayi akangomuika pamoto unkathawira kukhola la nkhuku, ife n'kumakuseka. Manthawo sindikukuimba nawo mlandu. Chimene chikundiwawa n'chakuti unali ndi pakamwa. Ukanangoti, "Akulu, zandikanika," tikanadya nyamayo madzulo omwewo, ina n'kupatsa agalu, nkhani n'kutha. Koma unaona kuti kusekedwa ndi mkulu wako n'kowawa kuposa kuika imfa pashelefu ya nyumba yanga. Unakhala nafe masiku enanso, tsiku lililonse ukudutsa pashelefupo, pochoka n'kumukumbatira Col.

Apongozi anga, mayi Beryl, afika kuchokera ku Charters Towers. Sanandipatse moni. Anayang'ana mwana wawo, n'kutembenukira kwa ine pamaso pa anamwino.

"Inu, mwana wangayu mwamudyetsa chiyani? Si paja mumadzitama ndi mabotolo anuwo? Ife tinkangothira nyama mchere, palibe anafa."

Dzina lako linali pamlomo penipeni. Ndinalimeza. Ndinati, "Ndalakwitsa ndine, mayi." Kuyambira pamenepo akabwera amakhala mbali ina ya bedi, ndipo ndikafuna kumupukuta Col kumaso amandilanda nsalu.

Usathokoze. Sindinachitire iwe. Mayi Beryl akanadziwa, dera lonse likanamva pa wailesi dzuwa lisanalowe, ana ako n'kumakula akulozedwa chala. Ine ndine mkazi wa Col, adzandinena mpaka adzatope. Akuluakulu amati chibale ndi fupa sichiola. Chabwino, sichinaole, koma panopa chandiima pakhosi.

Kunyumba ndauza Lionel, woyandikana nafe uja, kuti akumbe dzenje akwirire mabotolo onse, popeza ako ndi anga sindingawasiyanitse. Ng'ombe yathunthu yalowa pansi. Anandifunsa kuti, "Onse, Rae? Ngakhale ooneka bwinowa?" Ndinamuuza kuti makamaka amenewo.

Col akumva zonse, adokotala akutero, koma thupi silikumumvera. Zikope sizitseguka pazokha, ndimachita kumutsegulira ndi chala kuti andione. Akuti mwina atenga miyezi kuti apume yekha, mwinanso ayi, salonjeza. Chimene chikugwedezeka ndi chala chachikulu cha kuphazi. Ndikamufunsa kanthu, akavomera amachigwedeza. Dzulo ndinamuuza kuti ndikulembera kalata, n'kumufunsa ngati ndikupatsire moni. Anagwedeza, Glenys. Za zimene unachita sakudziwa kanthu, ndipo ine ndinathamangira kubafa kukalira ndi ukali.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Msewu ukatseguka, Lionel akweza poto wa amayi pa lole ya makalata, abwere kwanu ku Cairns. Ine sindifunanso kumuona. Ukamulandira usamubise m'galaja. Uthiremo madzi, umange chivundikiro, umuike pamoto, ukoke mpando ukhale pafupi. Akayamba kulira usadzuke. Makina amene akumupumira Col amalira chimodzimodzi, ndipo ine ndimakhala pambali pake kuyambira m'mawa mpaka anamwino atandithamangitsa, osathawira kukhola la nkhuku. Ukadzatha kukhala mpaka mapeto, udzabwere kuno, udzamutsegule zikope ndi chala chako, umuuze wekha. Usanatero usandiimbire foni.

Undiperekere moni kwa alamu anga a Warren. Ana uwapsompsone, uwauze kuti bambo awo aakulu a Col akudwala koma akumva mapemphero awo. Moni wa Col ndakupatsira monga anandituma. Wanga ndausunga kaye.

Ndine mkulu wako, popeza wina ulibe,
Raelene