Nambala Seveni Wavula Chigoba

Bambo a Temwa,

Musandifune, ndathamangira ku Bolero kwa abusa. Ndalemba mothamanga, muwerenge mofatsa.

Mukuidziwa pulogalamu ya pa TV ija ya anyamata obisa nkhope m'zigoba, olimbirana mtsikana mmodzi, imene mumandiseka kuti ndimailemba m'kope ngati mlembi wa mpingo? Munthu amavula chigoba tsiku limene wachotsedwa. Masana ano achotsa Nambala Seveni. Atavula, mayo ine! Ndi Manasseh. Manasseh yemweyu, amene mawa abusa alengeza kachitatu ukwati wake ndi mwana wathu.

Ndimati mwina ndi maso angawa, ndiye ndatsegula kope. Pa 4 May anapita ndi mtsikanayo kokadya. Pa 18 anavina naye. Pa 1 June anamugwadira n'kulumbira kuti alibe chibwenzi. Kaoneni kalendala ya kukhitchini. Ndi masiku omwewo amene ankatitsanzika kuti akupita ku msonkhano wa kwaya ku Lilongwe, ine n'kumamukazingira mtedza wa paulendo!

Kope ndatenga, abusa akadzionere okha asanakwere pa gome. Temwa akafika kuchokera ku Phwezi musamuuze kanthu, ndidzamuuza ndekha. Rimoti mubise, pulogalamuyo amaibwereza madzulo. Ndiwo zapserera, pepani chomene, kazingani mazira.

Komanso musakwiye mukapeza mayunitsi atha m'foni yanu. Milungu yonseyi ndine ndakhala ndikuchivotera chitsiru chimenechi kuti chisatuluke. Ndinkati pa onse aja, ndiye waulemu.

Ndine,
NyaKumwenda