Dzina langa lili pa nambala 41

Lolemba, 9 Juni

Zatuluka. Mndandanda wa tonse amene tinagwirapo ntchito ku ofesi ya zaukazitape uli pa foni ya aliyense, ine pa nambala 41. Wautulutsa ndi Kamagalasi, wachiwiri kwa bwana, mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha kumata envulopu. Akuti amatumizira nduna, chala chinaterereka, mndandanda n'kugwera m'gulu la anzake ochemerera mpira.

Vuto langa lili m'nyumba muno. Zaka 29, amayi akunyumba akudziwa kuti ndinali kalaliki ku nthambi ya zanyengo. Ndi digiri yanga yonseyi, ndinkabwera madzulo kudzanama za mitambo.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndinapita kometetsa kuti ndikamve mkwiyo wa dziko. Kulibe. Wometa anayang'ana zithunzi zathu n'kuti, "Akazitape ake nkhalamba zimenezi? Ndiye tinkatetezedwa ndi Mulungu basi." Anabwerera ku nkhani ya penate, mutu wa nambala 41 uli m'manja mwake.

Nthawi yathu, Lachisanu lililonse 3 koloko, tinkawotcha mapepala a kaboni ndi maliboni a makina otaipira mumgolo kuseri kwa ofesi. Anthu awiri, wina kuwotcha, wina kuyang'anira wowotchayo. Phulusa kulithira madzi, kulitakasa ndi ndodo. Mayi wotaipa ankaima pawindo akuimba chapansipansi, zala zili bii. Sindinkadziwa kuti munthu angasowe utsi.

Lachitatu, 11 Juni

Kamagalasi walangidwa. Amusamutsira ku unduna wina, ofesi ya kapeti. Ine ndinaimitsidwa sabata ziwiri chifukwa chosiya kiyi pakabati nditathamangira kuchimbudzi, m'mimba mutavuta.

Ndalembera nyuzipepala kalata ya masamba anayi. Ndaing'amba. Ndikanasaina kuti ndani, wa zanyengo?

Lachinayi, 12 Juni

Amayi akunyumba ali zii. Foni ali nayo, magulu ali nawo asanu ndi awiri. Andifunsa ngati achape mabulangete kapena kugwa mvula. Ndayankha ngati katswiri.

Lachisanu, 13 Juni

Masana amayi akunyumba akusita malaya anga, osandiyang'ana:

"Bambo a mwana, ndinawerenga Lolemba lomwe lija."

Ndinayamba kufotokoza za lumbiro, malamulo, chitetezo cha dziko. Anaimika simbi.

"Dziko lisiyeni, lili pa mpira. Ine funso langa ndi limodzi. Tsiku limene ndinkabereka mwana wathu woyamba, munati mwapita kukakonza choyezera mvula. Ndinadikira masiku atatu, chikwama chili pamiyendo, anzanga onse akutengedwa ndi amuna awo. Munali kuti?"

Nkhani imeneyo fayilo yake ndinaiwotcha ndi manja angawa. Amene tinkaidziwa tinali anayi, atatu anatisiya.

Ndinadzuka n'kutseka chitseko ndi mawindo, chizolowezi. Iwo anazimitsa simbi, n'kukoka mpando.

Nkhani ndinaiyambira pa galimoto imene inabwera kudzanditenga tsiku limenelo.