Khadi la Pamsomali

Lolemba, 3 Malichi

Tsiku loyamba la blokutcheni pakampani. Jekete ija yondifinya m'khwapa. Abwana aakulu, akuluakulu a bodi atatu, tiyi wozizira. Ndafotokoza monga anandiphunzitsira katswiri wa makompyuta: buku ndi limodzi, koma lili m'makompyuta khumi ndi anayi nthawi imodzi. Yathu, ya kufakitale, ndi za zipatala khumi ndi ziwiri zimene timaperekako mankhwala. Bokosi likasuntha, wolisuntha agunditse khadi lake pamakina, dzina ndi nthawi zilowe. Zikalowa zalowa. Kufufuta kulibe, kung'amba tsamba kulibe.

Wa bodi mmodzi amasinza. Podzidzimuka: "Ndiye kuti achinyengo atha?" Ndati atha. Pakamwa pangapa!

Abwana potuluka: zikayenda bwino miyezi itatu, mpando wa wachiwiri wawo ndi wanga. Ndayenda ngati sindinamve. Ndakavinira kubafa.

Lachinayi, 6 Malichi

A Makiyi ndi makina sakumwerana madzi. Zaka makumi atatu akusunga chipinda chozizira, makiyi lendelende m'chiuno, dzina lawo lenileni anthu anaiwala. Ndi amene anandiphunzitsa ntchito nditangobwera, ndili kalaliki wosadziwa kumanzere. Apuma pantchito mu Juni. Akuti dzanja lawo linazolowera cholembera.

Khadi lawo akulipachika pamsomali wa pakhomo la chipindacho, pamene pankakhala buku. Wothamanga aliyense angotola n'kugunditsa. Ndi mmene tinkachitira kale: alandire wina katundu, wosaina ndi a Makiyi. Ndaona ndi maso anga. Ndiyenera kuletsa. Mawa.

Lachiwiri, 11 Malichi

Chipwirikiti. A Makiyi aperekeza akazi awo kuchipatala, bondo. Galimoto ya mankhwala a shuga yachedwa maola atatu. Dalaivala thukuta kamukamu, akuti filiji inazima panjira "pang'ono chabe." Chipatala cha kumtunda chaimba kanayi, odwala ali pamzere kuyambira m'mawa.

Khadi langa m'chikwama, chikwama muofesi, ofesi pamwamba. Kachipangizo koyeza kuzizira kali m'kati mwa bokosi, kumasula n'kuchedwa. Ndangoika dzanja pabokosi. Lozizira ndithu. Ndatola la pamsomali. Pii. Mabokosi asanu ndi atatu apita.

Nsapato za wamng'ono zayasamanso. Mapazi a mwana ameneyu sapuma.

Lolemba, 17 Malichi

Chipatala chabweza mabokosi asanu ndi limodzi. Wamankhwala wa kumeneko anawerenga kachipangizo: anatentha maola awiri ndi theka. Mabokosi awiri anali atagawidwa kale. Akuimbira odwala mmodzimmodzi. Mayi wina anagonekedwa, shuga atakwera. Akuti tsopano akupezako bwino. Mulungu wanga.

Abwana atsegula kompyuta, nkhope kuwala. "Taonani ubwino wake! Kale tikanafufuza mwezi wathunthu." Pagalasi: a Makiyi, 11 Malichi, 2:14 masana. Atembenuka, ayamikira ine.

Ndati zikomo. Ine, ndati zikomo.

Lachitatu, 19 Malichi

A Makiyi aimitsidwa. Mlandu pa 28. Ukawagwera achoka chimanjamanja, za kupuma pantchito zonse kumadzi. Miyezi itatu yokha itatsala.

Ndafunsa katswiri mozungulira, ngati ndikufunsira mnzanga: nanga dzina likalowa la wina? Waseka. Akuti makinawo sasintha zimene wawauza, koma dzanja logwira khadi saliona. Kufufuta ayi. Chotheka ndi kuwonjezera mzere pansi, ndi khadi lako, onse khumi ndi anayi auone. "Mnzanuyo khadi ali nalo?" Wandiyang'ana nthawi yaitali, ine maso pa nsapato.

Ndinkati tagula choonadi. Ayi. Tagula chinthu chosaiwala basi. Ukachipatsa bodza chisunga bodzalo mwaulemu, bwino kuposa mmene ndasungira chikalata changa cha ukwati.

Loweruka, 22 Malichi

Kwa a Makiyi, ndi malalanje m'pepala. Zipinda ziwiri, wailesi yakale pawindo, akazi awo mwendo pampando. Ndinapita kukaulula. Anandiyambirira ndi iwo. Akudziwa. Ali ndi kapepala ka kuchipatala kosonyeza nthawi, 2:14 anali pamzere wa dokotala wa mafupa. Akakaonetsa, abwana afunsa anagunditsa ndani. Ndiye sakaonetsa.

"Mayi, khadi ndinapachika ndine. Inu muli ndi ana atatu, mpando ukubwera. Ine ndatha kale."

Akazi awo sanandiyang'ane n'kamodzi komwe. Malalanje anakhala patebulo mmene ndinawaikira.

Chondiwawa ndi ichi, ndilembe poti palibe awerenge: panjira mtima unapepuka. Unapepuka ndithu! Ndinagula ngakhale nsapato za mwana, ndikunenerera mtengo ngati munthu wabwinobwino. Ndikudzida.

Lachiwiri, 25 Malichi

Ndauza bambo a ana. Anayamba ndi zimene ndinkafuna kumva: a Makiyi adzipereka okha, ukana bwanji, mwana wathu wamkulu alowa koleji chaka chamawa. Kenako anayamba kupukuta mbale imodzi yomweyo mpaka kung'anima. Potsiriza: "Koma mlandu suola, mayi a ana. Wakowu ndiye mwauika mufiliji."

Ndaseka, misozi ili mbwembwembwe.

Kuntchito zina. Abwana akuti zikalata za mlandu ndikonze ndine, poti makina ndimawadziwa. Ndiponso mwezi wamawa ndikalankhule pamsonkhano wa mabwana a makampani. Mutu andipatsa kale: mmene blokutcheni inagwirira wolakwa m'mphindi ziwiri. Akuti ndikavale bwino, kudzakhala ojambula.

Ndayesa kulemba chiganizo choyamba. Dzina la a Makiyi ndalilemba n'kufufuta katatu. Papepala zimatheka.

Lachinayi, 27 Malichi

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Hafu pasiti teni, makina a pakhomo la chipinda chozizira, onyamula katundu akudutsa ndi ngolo zawo. Ndalemba: "Pa 11 Malichi, 2:14, wogunditsa khadi la wosunga chipinda ndinali ine. Iye kunalibe. Kachipangizo sindinawerenge." Khadi langa. Makina akana kawiri. Kachitatu, pii.

Mphindi zinayi zokha, foni ya kufakitale. Kenako wamankhwala wa kumtunda. Kenako abwana, osaimba, atsika okha, chinthu chimene sanachitepo. Afunsa ngati zingachotsedwe anthu ambiri asanaone. Ndawakumbutsa zimene ndinauza a bodi. Anangotembenuka n'kukwera.

Mpando wapita, ndikudziwa. Ntchito kaya. Mantha alipo, ambiri. Koma nkhomaliro ndadya yonse, koyamba sabata ino.

Lachisanu, 28 Malichi

Mlandu ulipo, chipinda chomwecho, nthawi yomweyo. Wasintha ndi wozengedwa. Ndikulemba pabondo, pabenchi ya panja.

A Makiyi afika, malaya ositidwa, m'chiuno mopanda kanthu. Akwiya zenizeni. "Ndinakuuzani chiyani ine? Kusamva kuyambira muli kalaliki!" Benchi yonse ilibe munthu, koma asuntha chikwama changa n'kukhala pomwepa, phewa kugunda phewa.

Akuti aitanidwa ngati mboni. Ndawafunsa akanena chiyani.

"Zoona. Mwandisiyira china?"

Chitseko chatseguka. Akuitana dzina langa lonse, ndi la bambo anga lomwe, ndipo...