Anadinda Chala ndi Akamwini

Lolemba, 9 Okutobala 2006

Ndafika kwathu ku Ludzi masana, fumbi mpaka m'mano. A Rabson, bwana wanga ku ofesi ya maloya, akuti ntchito yake ndi yophweka: ndipeze anthu amene anadinda chala popereka dambo ku kampani yakunja, atsimikize kuti anadindadi. Kampaniyo inadzala bulugamu, ati ayeretse mpweya wa dziko lonse. Boma lailanda chilolezo, iyo yasumira boma ku London. Ife tili mbali ya kampani. Ndikagwira bwino, Januwale ndipita nawo. Mlandu wotere ndakhala ndikuulota chiyambire sukulu ya malamulo.

Lachiwiri, 10 Okutobala

Dambo lauma gwa. Mvula ikuchedwa chaka ndi chaka, madzi otsalawo bulugamu akumwa. Pamene panali dimba la amayi pali mitengo yokhayokha. Sindinakhalitsepo.

Lachitatu, 11 Okutobala

Pa mndandanda wa odinda chala, tsamba lachinayi, dzina lachitatu: Cyprian Mbewe. Bambo anga. Koma bambo ndi mkamwini, kwawo ndi ku Guilleme. Dimba lija ndi la amayi, anawasiyira amayi awo. Ndayang'ana mayina enawo, onse ndi amuna obwera ndi ukwati. Kampani inaitana mitu ya mabanja, kunapita amuna. Mwini nthaka palibe ndi mmodzi yemwe. Mtima sukukhazikika, ndangozungulira pabwalo ngati nkhuku yofuna poikira.

Lachinayi, 12 Okutobala

Ndawafunsa bambo. Akuti, "Anzanga onse amadinda, ine ndikanakana bwanji pagulu?" Amayi amasenda mtedza, osadzutsa mutu. "Munthu angapereke bwanji munda umene anaupeza?"

Ndaimbira a Rabson. "Iwe Tiyanjane, ku London chikamwini sachidziwa. Bweretsa zimene ndakutuma." Zoona, sachidziwa. Koma ine ndimachidziwa, ndipo ndakwiya, sindikudziwanso kuti ndakwiyira ndani.

Lachisanu, 13 Okutobala

Kalata yosiyira ntchito ndalemba katatu, katatu konse ndang'amba. London ndikumufunabe, ndisaname.

Loweruka, 14 Okutobala

Yachinayi yapita kwa a Rabson pa minibasi ya m'mawa pamodzi ndi mafayilo awo onse. Sindinasunge pepala ngakhale limodzi, lamulo sililola.

Amayi andifunsa ngati ndibwerera ku Lilongwe Lolemba. Ndati ndilibe kobwerera. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chitenje chawo chakutchalitchi.

"Maloya a boma akubwera Lachiwiri kudzamva ife eni dambo. Iwenso ndiwe mwini. Usadzakhale pakati pathu ndi thalauzi lakolo."