Mayi wa Mpango Wofiira Pageti

Lolemba, 4 Okutobala 2004

Kutentha koopsa. Ana anga a sitandade 5 kusinza ngati nkhuku zodwala. Poweruka ndadzera kushopu yometera ya mlongo wanga Pius. Ometa kulibe, anthu angounjikana pa TV. Wagula kamakina ka gemu ku Chipata, kakale. Kamunthu ka lupanga kuthamanga m'nkhalango, akuti kakukapha chinjoka cha mapiko. Azibambo a ndevu zawo kukuwa ngati ali ku mpira. Zachibwana. Koma ndakhala mpaka dzuwa kupendeka.

Chandidabwitsa: anthu a m'mudzi wa m'gemumo amalankhula. Mawu amalembedwa m'munsi, m'Chizungu. Palibe amawerenga. Pius amangodina kuti adutse. Akuti, "Achemwali, ife tikufuna nkhondo, osati misonkhano."

Lachitatu, 6 Okutobala

Amalume Alufeyo abweranso. Nkhani yomweyi. Mwamuna wanga Jobson anapita ku Kitwe ndi thiraki chaka cha njala chija, mpaka lero zii. Ankhoswe a mbali zonse adzakumana kumapeto kwa mwezi, akufuna yankho langa: ukwati uthe kapena ndidikirebe. "Esitele, ukalamba ukuyang'ana kumsewu."

Ndangoti ndamva. Ndithetse bwanji ukwati osadziwa ngati munthuyo ali moyo? Ngati anafa, ndimulire. Ngati ali moyo, ndimutukwane. Pakatipa ndi pamene pakuwawa.

Loweruka, 9 Okutobala

M'mawa shopu isanadzaze, Pius wandiphunzitsa mabatani. Kunkhalango ine ayi. Kuzungulira mudzi basi. Zinthu zilimo! Ukhoza kutunga madzi pachitsime. Galu wina ukamuponyera buledi amakulondola tsiku lonse. Mitambo ikada, amayi amathamanga kukaanula zovala. Anaganiza zimenezi ndani? Munthu kukhala pansi, kutaya nthawi yake kupanga mayi woanula zovala, akudziwa kuti osewera azingomudutsa. Ndikanakonda nditamuona nkhope.

Kumapeto kwa mudzi kuli mayi wa mpango wofiira, waima pageti. Ndamulankhula. Akuti mwamuna wake anapita kudoko kukagulitsa mchere, ndikamuona ndimuuze kuti chakudya chikuzizira. Ndachoka, ndabwereranso, mawu omwewo. Ndinaseka. Kenaka kuseka kunandithera.

Lachinayi, 14 Okutobala

Chinjoka aphe ena, ine ndikufuna wamchereyo. Pius akuti kulibe munthu wotero, mayiyo anangomuika kukongoletsa mudzi. Tiona.

Vuto ndi lakuti alibe kakhadi kosungira pamene wafika. Magetsi akathima, kuyambiranso. Dzulo ndafika pamlatho wopita kudoko, thi! Mawu amene ndinatulutsa si a mphunzitsi. Mabuku a ana osachonga, mulu.

Kunabwera a Mateyo kudzameta, mnzake wa Jobson amene amayendabe msewu wa Kitwe. Ndisanafunse n'komwe: "Alamu, sindinamuonepo." Maso ali pagalasi.

Lachiwiri, 19 Okutobala

Ndamupeza wamchere uja! Kudoko, kuseri kwa nyumba ya alendo, kakona kamene palibe angakhotereko. Akusoka ukonde, wonenepa bwinobwino. Pambali pake mkazi wina, wanyamula mwana. Akuti ndisakanene. Wandipatsa mphete yowonjezera mphamvu za lupanga, yonditsekera pakamwa. Pius kudumpha, akuti anzake onse sanaionepo mphete imeneyi.

Ndayenda ulendo wonse wobwerera, kupempha kuti magetsi apirire. Kufika pageti, gemu yandipatsa mayankho awiri oti ndisankhe: sindinamuone, kapena ali moyo. Shopu yonse kuyankhira pamodzi. "Loyambalo aphunzitsi, mphete ingalandidwe!" Wina wa imvi zake, mokoma mtima ndithu: "Mumupwetekeranji mayiyo? Musiyeni azidikira, ali pamtendere."

Azibambo onse kugwedeza mitu. Wotsutsa ngakhale mmodzi.

Ndasankha lachiwiri. Mayiyo sanalire. Wangoti zikomo, walowa m'nyumba, watseka. Mphete yazimiririka. Pius sakundilankhula.

Lachitatu, 20 Okutobala

Komabe sanathimitse makina, anangowafunditsa nsalu kuti ndidzaone mapeto. Mtima wabwino, pakamwa pokha.

Pageti palibe munthu. Ndinachita mantha, ndimati ndamupha. Kufunafuna mudzi wonse, mpaka kuchitsime. Ndamupeza kumsika, mpango womwewo, wayala anyezi. Mawu asintha. Akufunsa ngati ndigula, akudandaula za dzuwa. Za chakudya chozizira osatchulanso.

Ndakhala ndikumuyang'ana mpaka Pius kunena kuti pali ena akudikira.

Mawu a bambo wa imvi uja akundizungulira m'mutu. Sananene mwankhanza. Ndi zimene zikundiopsa. Ndi angati amene amandipatsa moni m'boma muno akundisungira mtendere wotere?

Akuti thiraki ya a Mateyo ili pamzere kuboda, mapepala sanatuluke.

Lachinayi, 21 Okutobala

Ndapempha kuweruka msanga. Minibasi mpaka kuboda. Fumbi, osintha ndalama kundithamangira. Ndawapeza akutsuka galasi la thiraki.

Sindinawapatse mpata wonena zachizolowezi zija. Ndati, a Mateyo, sindinabwere kudzafunsa ngati munamuona. Mungondiuza dzina la mwanayo.

Ndimangoyesa, Mulungu akudziwa. Ndimafuna andiseke, anene kuti magemu andisokoneza mutu.

Aika ndowa pansi. Avula kapu.

"Wamkuluyo kapena wamng'ono?"