Tivi Yanu Imangidwe Unyolo

Chalimbana, Chongwe
14 Ogasiti 2024

Okondedwa alongo anga ba Lawson,

Ine Virginia, mwini digiri ya uphunzitsi, ndikupereka dandaulo langa mwaulemu wonse. Tivi imene munatumiza kuchokera ku Kitwe yalanda malo a chithunzi changa cha tsiku lolandira digiri. Amayi anachichotsa pakabati, ndipo tsopano ine ndi chipewa changa cha makona anayi tikuyang'ana khoma kuseri kwa thumba la nshawa. Kodi ndinavutikira zimenezi?

Mlandu wa tivi yanu sunathere pamenepo. Madzulo azimayi oyandikana nafe amadzaza pabalaza kuonera sewero la mkazi wokhala ndi anthu angapo m'thupi limodzi. Poyamba ndi mlembi waulemu. Akangopendeketsa khosi, ng'oma n'kulira, wasanduka wina wonola mpeni. Wapha kale mwamuna wake ndi dokotala. Tsiku lina ba Ednah, mkulu wa oonerawo, anatembenuka n'kuyang'ana mng'ono wathu Jenala akusenda mbatata pakhomo. Maso onse anatsatira.

Mukudziwa zimene dokotala wa ku Lusaka anatiuza, kuti maganizo a Jenala anagawikana pofuna kupirira zimene anamuchita ali mwana, si ziwanda ayi. Mukumudziwanso "wina" wathuyo: Fyness, kamwana kamene kamalankhula m'kamwa mwa Jenala, kamene kamabisala kunsi kwa tebulo mwamuna akakweza mawu, n'kupempha tiyi wa shuga wambiri. Chigawenga chathu ndi chimenecho. Chimathawa ngakhale nkhuku yofungatira.

Ndinalongosola zonsezi ngati ndili m'kalasi. Ba Ednah anati dokotala wa pa tivi nayenso ankalankhula mokoma choncho, onani mmene anathera. Amayi asungitsa mipeni yonse kwa ba Ednah, moti repu tikung'amba ndi zala. Atsikana amene ankabwera kudzalukitsa tsitsi kwa Jenala aletsedwa. Ndipo Loweruka lino mneneri wina wa ku Silverest atumiza galimoto yodzatenga Jenala. Kwake odwala amawamanga unyolo pamtengo, osadya, mpaka "mlendo" atatuluka. Ba Lawson, Fyness akaona unyolo adzabisala kumene sitidzamupezanso, ndipo adzapita ndi Jenala yemwe.

Chimene chandiumitsa pakamwa n'chakuti Jenala naye anaonera sewerolo. Dzulo tikutong'ola chimanga anandifunsa motsitsa mawu:

"Ba Virginia, nthawi zija zamene sinikumbukira, nimachita chani? Ngati nizakupwetekani, lekani animange chabe."

Ndinamuuza kuti amangotimalizira shuga. Sanaseke. Zovala walongedza kale m'chola, yekha, popanda womuuza. Musandifunse chifukwa chake ndinasuntha khasu limene linali pambali pake. Linali padzuwa basi. Koma anandiona.

Amayi samva za ine ndi mabuku anga. Amamva inu, mwana wamwamuna wogula tivi.

Choncho ndikufuna chipukuta misozi, ndipo sindinyengerera. Mufike kuno Lachisanu dzuwa lisanalowe, mukhale pansi ndi amayi. Galimoto ya mneneri ikabwera tikwezemo tivi yanu, pakuti ndiyo ili ndi khamu la anthu m'mimba. Akaimange pamtengo, isadye, mpaka onse atatuluka. Chithunzi changa chibwerere pakabati mu fulemu yagolide, ba Ednah akuimba nyimbo atagwada.

Amayi akupereka moni. Jenala akuti musavutike ndi ulendo, ali bwino. Fyness anasuzumira ali kunsi kwa tebulo n'kufunsa ngati ba Lawson abwera. Ndamuuza kuti inde. Musandisandutse wabodza.

Ine mlongo wanu wolakwiridwa,
Virginia